Lonjezo la Malume ku Unit L

Ndinaganiza zopita ku Gaborone nditatopa kuyenda ndi dipuloma yanga ya zamagetsi, kukwera kombi iyi, kutsika iyo mu Seke Road, msewu wopita ku Harare, ntchito osaipeza. Esinati, mkazi wanga, sananditsutse. Anangoti, “Pitani, koma Lamlungu muziimba foni.” Ndinkaimbadi, ndalama n'kumatumiza, zochepa. Kumeneko sabata inkatha osayankhulako Chichewa ndi munthu.

M'chaka chachiwiri kombi inamugunda Esinati akuoloka msewu kwathu ku Unit L, komboni ina kufupi ndi Harare, dalaivala n'kuthawa. Ndinabwera kudzaika maliro.

Patapita sabata, dalaivala uja anafika kunyumba ndi bambo ake. Ankaopa ngozi, mzimu wa wophedwa umene anzathu Achishona amati sugona mlandu usanakonzedwe. Anakhala pamphasa. A Phiri, malume ake a Esinati, anati, “Mwana wanga, nena zonse. Ukanena, nkhaniyi ithera pompano, kupolisi sitipita.” Dalaivala ananena. Anamuona ndithu akuoloka, koma ankalimbirana anthu apasiteji ndi kombi ina.

Ine sindinalonjeze kanthu. Kutacha ndinapita kupolisi.

Mayi woimira boma pamlanduwo anandimvetsera mpaka pa mawu a malume. Anaika cholembera pansi.

“Baba, anauzidwa kuti akaulula sipakhala mlandu?”

Ndinavomera. Anandifotokozera kuti khoti limalandira mawu ovomera mlandu pokhapokha munthu atawanena mwa kufuna kwake, osaopsezedwa, osakopedwa ndi lonjezo. Loya wa dalaivalayo adzagwira pomwepo.

“Nanga atabwereza kwa apolisi?” ndinafunsa.

“Amayamba amuchenjeza kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Anamuchenjeza, ndipo wakhala chete.”

Zimenezi ndimazitembenuza m'mutu mpaka lero, osati mwaukali kwenikweni. Popanda lonjezo lija, sindikanadziwa mmene Esinati anafera. Chifukwa cha lonjezo lomwelo, woweruza mwina sadzamva zimene ndinamva ine. Mlandu tsopano ukudikira mboni zapamsewu, ndipo palibe imene yapita.

Ndinafunsa a Phiri chifukwa chake analonjeza.

“Amkamwini, inu muli ndi kobwerera. Ife tili pano, bambo ake aja timakumana nawo pamaliro aliwonse. Tinkafuna timve pakamwa pake, ndipo tamva.”

Ku Gaborone ndinkasowa kwathu chifukwa kuno aliyense amadziwa za mnzake. Amadziwadi. Unit L yonse ikumudziwa amene anapha mkazi wanga, ndipo m'mawa uliwonse imakwera kombi yake kupita ku Harare.