Esinati ndi Nambala ya Ababa

Esinati mng'ono wanga, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, koma chimene chandidzera m'mutu ndi tsiku lija unandichititsa manyazi kwathu ku Nkhulambe. Tinkapeta nandolo pabwalo, ababa n'kulemba pansi ndi kamtengo 111,111. Anafunsa kuti, "Ana inu, nambala iyi ingagawike popanda chotsala?" Ine wa Fomu 2 ndinayankha modzikuza kuti ndi pulayimu, palibe ingaigawe kupatula 1 ndi iyo yomwe. Iwe wa Sitandade 7 sunasiye n'komwe kupeta. Unangoti, "Achemwali, mawaniwo mukawaphatikiza akukwana 6, ndiye 3 alowamo. Yankho ndi 37,037. Nayenso 7 alowamo." Ababa anawomba m'manja, ndipo m'mawa mwake anakukweza panjinga kupita ku Migowi kukakugulira buku la masamu. Ine ndinatsala ndi lichero, ndipo ndinatha sabata yathunthu osakuyankhula.

Sindinakuuzepo kuti nsanjeyo sinathe. Utakhala mphunzitsi wa masamu ndinalulutira kuposa aliyense, koma mtima unkandiwawa. Utadwala ndinakusambitsa ndi manja angawa, ndimakukonda, usakayike. Lero ndinapita kukalambula kumanda. Ndaona kuti wagona mogundana ndi ababa, amayi ali mbali inayo, ndipo malo anga palibe. Ndinakhala pansi n'kulira, osadziwa ngati ndikulirira iweyo kapena malowo. Gona bwino, mwana wa amayi anga. Koma poti uli nawo pafupi, uwauzeko ababa kuti nanenso ndinali mwana wawo.