Ndinanama Kuti Chilomwe Ndimamva

Nditangotumizidwa kukaphunzitsa ku Nazombe kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndinaona kuti ndikalowa mu ofesi, aphunzitsi anzanga ankasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe. Dzina langa lokha ndinkalimva, kenako kuseka. Ndinatsimikiza kuti amandijeda.

Tsiku lina ndinawaopseza. "Muzisamala, Chilomwe ndimamva ine."

Anangoyang'anana. Bodzalo linandikomera mpaka m'mawa wina pamene ahedi anandiitana. Mu ofesi munali bambo wina, kholo la mwana wa m'kalasi langa, ndipo anzanga aja anali ataima pakhomo.

"Madamu, bambowa akulankhula Chilomwe. Tatanthauzirani," anatero ahedi.

Bamboyo analankhula nthawi yaitali akuloza panja. Ndinagwedeza mutu ngati womva, kenako ndinapeka.

"Akudandaula kuti mwana wawo sakukhoza."

"Ayi, aphunzitsi," anayankha bamboyo m'Chichewa chomveka bwino. "Ndati ndakubweretserani nandolo, ali panjingapo."

Palibe anaseka, ndipo zimenezo n'zimene zimandivutabe. Nandoloyo ndinalandira ndi manja awiri. Koma mpaka lero, anzangawo akandipatsa moni mwaulemu, ndimawayang'anitsitsa n'kumadzifunsa kuti anawatuma bambo aja ndani.