Mphindi Ziwiri za Filimu ya Wezi

Lamulungu lapitali ndinakapemphera ku Magodi, kumudzi kwa alamu anga a Zimba. Kwaya inaimba nyimbo ina yokoma mpaka amayi kululutira. Koma amene anaipeka nyimboyo sanali m'kwayamo. Anakhala pa benchi la kumbuyo kwenikweni, lija la anthu amene mpingo wawaika pa chilango, atafunda chitenje kumutu, ali duu, milomo osagwedera n'komwe.

Dzina lake ndi Wezi, mwana wa mlongo wanga. Ndipo ndisakubisireni, abale anga: amene anamukhazika pabenchipo ndine.

Wezi ali chaka chachiwiri pa koleji ina ku Chipata, akuphunzira zauphunzitsi. Kapena ndinene kuti anali. Mwanayu chibadwire chake n'cha nyimbo ndi mafilimu. Ali wamng'ono ankasonkhanitsa anzake kuseri kwa nkhokwe n'kumawagawira mbali: iwe ukhala dokotala, iwe wodwala, iwe uzingolira. Atafika ku koleji analowa gulu la mapemphero la ophunzira, ndipo chaka chino gululo linaganiza zolalikira ndi filimu. Makamera ake anali mafoni awiri. Nkhani yake inali ya mtsikana wakumudzi amene wafika m'tauni, wasiya mapemphero, wayamba mowa ndi azibambo a magalimoto, kenako zamuthina, wabwerera kwa Mulungu. Yonse pamodzi mphindi makumi anayi.

Atsikana onse ankalimbirana kukhala mayi busa kapena mngelo. Mbali ya wotayikayo inasowa mwini. Wezi anati ndipatseni ine.

Zonsezi ndazidziwa madzi atafika kale m'khosi. Chimene chinandipeza ine masabata atatu apitawo, ndili m'chipinda cha aphunzitsi kusukulu kwathu kuno ku boma, chinali kachidutswa ka mphindi ziwiri. Munthu wina, kaya ndani, anadula malo amene mtsikanayo ali m'bala basi, n'kukaponya pa mafoni. Mphunzitsi mnzanga anandisonyeza foni yake n'kuti, "Uyu si mwana wa alongo anu uja woimba kwaya?"

Ndinayang'ana. Siketi yosafika m'mawondo. Botolo kumanja. Akuvina, chimdala chamimba chitamugwira m'chiuno.

Ine, mphunzitsi wa zaka makumi awiri pantchito, amene ndimakalipira ana tsiku ndi tsiku kuti werengani funso lonse musanayankhe, sindinafunse kanthu. Ndinatumiza kwa bambo ake, n'kulemba pansi pake kuti, "Alamu, onani kumene zikupita ndalama za fodya wanu." Ndinaponyanso pa gulu la banja la pa foni. Nditatero ndinamwa tiyi wanga bwinobwino, ndikudzimva kuti ndagwira ntchito ya umalume.

M'mawa mwake a Zimba anakwera minibasi yoyamba kukamutenga mwana wawo. Mayeso anali atatsala masabata atatu. Akulu a mpingo anakhala pansi, anamuika pa chilango cha miyezi isanu ndi umodzi: osaimba, osadya mgonero. Iye ankangoti, "Ni filimu, adada, ni filimu chabe." Koma ndani akanamumvera? Aliyense wogwidwa amakhala ndi kanyimbo kake.

Anandiimbira foni kamodzi kokha.

"Asibweni, mwaonelela yonse?"

"Zimene ndaona zakwana," ndinatero, n'kudula foni.

Mawu amenewo akundiluma mpaka lero.

Lachisanu lapitali kondakitala wa minibasi ya ku Chipata anandipatsa envulopu. Munali kafulashi, kochokera kwa mtsikana amene amagona chipinda chimodzi ndi Wezi. Nditaweruka ndinatsegula pa kompyuta yanga. Ndinaona filimu yonse kuyambira pa pemphero lotsegulira. Chimdala chija, abale, ndi wapampando wa gulu la mapemphero, mnyamata woonda ngati bango, waika pilo m'malaya n'kudzipaka choko kumutu. M'mabotolo munali tiyi, ndipo penapake mukuoneka ngakhale masamba akuyandama. Kumapeto Wezi wagwada pa simenti, misozi ili chuchuchu, akuimba nyimbo yomwe ija kwaya ya ku Magodi imaikonda.

Ndinayamba ndi kuseka pilo uja. Kenako kuseka kunatha, ndinangogwira mutu. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

N'chifukwa chake Lamulungu ndinalawirira ku Magodi, kompyuta ili m'chikwama. Mapemphero atatha ndinapempha akulu a mpingo kuti tikhale kuchipinda cha kuseri. Anavomera, ndipo ndiwayamikire, anaonera yonse osadzuka. Mkulu wina wachikulire mpaka anapukuta m'maso ndi kolala ya jekete.

Itatha, wapampando wa akulu a mpingowo anakhosomola n'kuti, "Tamva, aphunzitsi, yewo chomene. Koma anthu anaona kale. Tikamuchotsa pa benchi manje, adzati tikukondela chifukwa ni mwana wa a Zimba."

Wina anawonjezera, ndipo awa ndi mawu amene andilembetsa lero: "Nanga kuvina kuja anakudziwila kuti, ngati sanapiteko ku bala?"

Mwamva? Mlandu wa Wezi tsopano si woti anapita ku bala. Mlandu wake ndi woti anasewera bwino. Akanakhala wosadziwa, wouma thupi, woseka pakati pa sewero, bwenzi lero ali m'kwaya.

Matenda amenewa tili nawo kalekale, sanabwere ndi mafoni. Ndikukula, kwathu kwa Mwase kunali mnyamata amene anasewera Satana pa sewero la Pasaka. Anachita bwino kwambiri moti ana analira. Lero ndi bambo wa imvi, amagulitsa tomato, koma dzina lake lenileni anthu anaiwala. Pali amayi ena amene mpaka pano amadutsa tebulo lake kukagula kwina. Amene anasewera mngelo tsiku limenelo anathawa ndi mkazi wa mwini, koma ameneyo palibe anamusintha dzina.

Paguwa timafuula kuti achinyamata gwiritsani ntchito luso lanu kutumikira Mulungu. Luso lake liti? Timafuna nkhani ya kulapa yopanda wochimwa. Timafuna mwana abwerere kwawo, koma tisaone kumene anapita. Nanga munthu alapa chiyani ngati pa filimu yonse wangovala zoyera n'kumakupiza mapiko?

Tsono mafoni angowonjezera moto. Kale miseche inkayenda wapansi, inkatopa panjira, mwina n'kukumana ndi munthu wanzeru woibweza. Lero chala chimathamanga kuposa mutu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndani akudekha? Ifeyo, amene timakhala maola atatu kuonera filimu ya mfiti zouluka osaphethira, tilibe mphindi makumi anayi za mwana wathu yemwe.

Ndipo tisanamizire anthu akumudzi kuti sadziwa kusiyanitsa sewero ndi zoona. A Zimba sanafike patali ndi sukulu, inde. Koma anakhulupirira chifukwa uthengawo unachokera kwa mlamu wawo wophunzira, wa tayi, wolemba m'nyuzi. Akanautumiza wina, mwina akanayamba afunsa.

Nditachoka ku tchalitchi ndinawapeza m'chigafa, akusankha fodya. Ndinawaikira kompyuta pa belo. Anaonera manja akugwirabe ntchito, kenako manjawo anaima. Filimu itatha anatembenukira kwa ine.

"Alamu," anatero, "ndimwe munanitumila."

"Ndine. Ndinalakwa. Mayeso ayamba mawa, muloleni apite. Ndimupelekeza ndekha."

Anapukusa mutu. "Olo ikhale filimu. Mudzi wonse waona miyendo ya mwana wanga. Ku chigayo akuseka, ku dibi akuseka. Nikamubweza ku Chipata adzati Zimba alibe mano. Akhale pano."

Ndinachonderera mpaka malovu kuuma. Mlongo wanga anagwada, analira. A Zimba anangotenga tsamba lina la fodya n'kuyamba kuliwongola. Sindinganene kuti ndi munthu woipa. Ndi munthu amene ndinamuchititsa manyazi pamaso pa anthu ake, ndipo manyaziwo alibe powatula koma pa mwana.

Wezi ndinamupeza kuseri kwa nyumba, akusenda mtedza m'lichero, mphepo ya Juni ikuulutsa makoko. Mabuku ake anali pambali, atawatsindikiza ndi mwala. Anali akuwerengabe, mwanayu, akuyembekeza kuti mwina.

"Monile, asibweni," anatero, n'kundipatsa mpando monga mwa mwambo. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa akananditukwana.

Ndinapepesa. Ndinayankhula zambiri, monga timachitira aphunzitsi. Iye ankangosenda. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Ija ya mphindi ziwili munatumila anthu. Manje yonse mwatumila angati?"

Ndinamuuza zoona. Loweruka ndinaitumiza kwa aliyense wa pa gulu la banja, ndi kwa aphunzitsi anzanga onse. Amene anaitsegula ndi awiri. Ena anandiyankha kuti ndi yaitali, imadya mabandulo. Mphunzitsi uja anandisonyeza kachidutswa poyamba anati adzaonera akapeza mpata.

Wezi anagwedeza mutu pang'ono. Sanalire. Anachotsa mwala pa mabuku aja, anawasanja bwinobwino, n'kukawalowetsa m'nyumba. Atatuluka anakhalanso pa lichero lake.

Lolemba mayeso anayamba ku Chipata. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi uja wanditumizira uthenga kuti nambala ya Wezi anaimata pa desiki ngati ya wina aliyense, ndipo woyang'anira anaitana dzina lake kawiri.

Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Komabe Loweruka likubwerali ndibwereranso ku Magodi, ndikakhale m'chigafa muja mpaka a Zimba atope nane. Kompyuta ndiyenda nayo, ndipo aliyense amene anaseka ku chigayo ndimupempha akhale pansi aonere. Kaya zithandiza, sindikudziwa. Chaka chino chokha chapita.

Kachidutswa kaja ndikudziwa kanafika pa mafoni a ambiri a inu amene mukuwerenga pano. Munakaonera, ena kawiri, ena munakatumiza ndi tizithunzi toseka. Filimu yonse ndili nayo, ndipo pa boma pano palibe amene sadziwa kumene ndimaphunzitsa.

Mphindi ziwiri munazipeza. Nanga makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu zotsalazo, zimene mwanayo wagwada akuimba, mubwera liti kudzaziona?