Chipepala cha Pakhoma pa Mayi Makileni

A kalembera atandifunsa dzulo kuti m'nyumba timagona angati, ndinakumbukira Mayi Makileni, mzungu wa ku Scotland amene tinkayandikana naye ku Spring Valley, ku Nairobi. Ankakonda kunena kuti, "Amalawi inu mumadzazana m'nyumba ngati mbewa."

Pabalaza pake ponunkha polishi anapachikapo chipepala chakale cha makolo ake. Ine ndinkayesa kalata yaufumu, moti ndinkachigwadira.

Tsiku lina atatiitana ku tiyi, amayi anga anachiwerenga akulondola ndi chala. "Kani ndi kalembera. Agogo anu anali aganyu pamudzi, ana asanu ndi atatu, chipinda chimodzi. Nanga ankagona bwanji, mayi?"

Mayi Makileni sanatiitanenso ku tiyi.

Aganyuwo sindiwanyoza. Ndimanyoza mdzukulu amene ankawapukuta fumbi tsiku lililonse koma osawawerenga.