Inki ya pa Chala cha Esinati

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anga anatinamizira katemera, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira.

Tinkakhala kufupi ndi Milonde. Abambo ankathyola tiyi ku esiteti, amayi ankagulitsa nanazi m'mbali mwa msewu. Chaka chimenecho kunabuka chikuku, ndipo alangizi a zaumoyo ankabaya ana pasukulu, kenako n'kumayenda khomo ndi khomo kufunafuna otsala. Mwana akabayidwa ankamupaka inki pa kachala kakang'ono kuti asamubayenso kawiri.

Makolo anga anakangana masiku angapo. Amayi ankafuna kuti ine ndi mng'ono wanga Esinati, yemwe anali ndi zaka zitatu, tikabayidwe. Abambo ankakana, mpaka anandiletsa kupita kusukulu masiku obayawo. Sikuti anali ankhanza, ayi. Mwana wa mnzawo wa ku esiteti anatupa dzanja atabayidwa, thupi kutentha ngati mbaula, ndipo iwo anamuona ndi maso awo.

"Koma bambo a Esinati, mwanayo anachira. Si uyo akusewera mpira?" amayi ankatero.

"Nanga akadafa? Ndimupereke ndekha mwana wabwinobwino? Akadwala chikuku, zimenezo ndi za Mulungu. Akafa ndi jekeseni, ndiye kuti ndamupha ndine."

M'mawa wina abambo anatulutsa m'thumba chipeni chakuda cholembera pamatumba. Anatikhazika pakhonde n'kutipaka zala mosamala, osasiya ndi m'mphepete mwa chikhadabo momwe. Inkiyo inkanunkha ngati kachasu. Esinati ankaseka, kuganiza kuti akumukongoletsa. Amayi anationerera ali pakhomo, kenako anasenza dengu lawo n'kumapita.

Mlangizi anafika dzuwa litakwera, thukuta lili kamukamu, kabokosi ka mankhwala kali paphewa. Anatigwira zala, nati, "Mwachita bwino, bambo." Abambo anayankha kuti zikomo. Zikomo! Mankhwala anafika mpaka pakhonde pathu, mwendo wa Esinati ukugunda bokosilo, ndipo anabwerera osatsekulidwa.

Sipanapite nthawi, chikuku chinalowa m'nyumba. Ine chinangondikwapula n'kundisiya. Esinati chinamugwira zenizeni. Ankatsokomola, thupi lonse tizilonda, maso ofiira, kenako anamatirira ndi mafinya. Amayi ankawapukuta ndi nsonga ya chitenje, iye akulira kuti kuwala kukumupweteka. Pamene abambo ankamukweza panjinga kupita naye kuchipatala ku Mishoni, anali atasiya ngakhale kulira.

Namwino anaona kadontho kakuda kotsala pachikhadabo, nafunsa ngati mwanayo anabayidwadi. Amayi anangoti, "Afunseni bambo akewo." Abambo anayang'ana pansi. Moyo wa Esinati anaupulumutsa, koma maso ake sanabwerere.

Anthu obwera kudzazonda ankati zonse ndi Mulungu, abambo n'kumavomereza ndi mutu. Ine ndinkatuluka panja kuti ndisakuwe. Mulungu uti? Mulungu ndi amene anagwira chipeni chija?

Lero ndili ndi mwana wanga. Nditabwera naye kusikelo atabayidwa koyamba, thupi lake linatentha, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Pamenepo mantha a abambo ndinawamvetsa. Koma kumvetsa si kukhululuka. Iwo anaopa kwambiri tsoka limene anthu akanawaloza nalo chala, n'kusankha limene akanalikankhira kwa Mulungu. Kukana nakonso ndi kusankha, ndipo amene analipira si iwo.

Esinati amakhala nane tsopano. Amaluka mphasa, amaimba kwaya, ndipo amaseka ndi abambo kuposa mmene ine ndingathere. Tsiku lina kunabweranso katemera wa khomo ndi khomo. Alangizi atachoka, Esinati anamuitana mwana wanga, nafufuza kadzanja kake mpaka anapeza kachala kaja. Anakanunkhiza nthawi yaitali.

"Achemwali," anandifunsa, "inki iyi ndi yeniyeni?"