Dothi Limene Ndinamata Pansi pa Boti la Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, aNgozo, mphuno zanga zimadzaza fungo la penti wakale wopsa ndi dzuwa, fungo lowawa lofika mpaka kummero, losakanikirana ndi utsi wa phula limene ankasungunula m'chitini kuseri kwa nkhokwe. Ndimamvanso chitsulo chopalira chikulira pathabwa, kwee, kwee, kuyambira kusanache bwino mpaka nyenje zitayamba kusokosa m'misangu, agogo atamanga kansalu pamphuno, ndevu zawo zoyera zitafiira ndi fumbi.

Anthu ndikawauza kuti ndine wa ku Ntcheu koma ndinakulira pansi pa boti, amaseka, amati kwanu n'kwa kachewere ndi kabichi. Iwo amadziwa kumapiri kokha. Ife kwathu n'kuchigwa, kumene mudzi uli tsidya lino, minda ya mpunga tsidya linalo, pakati pali mtsinje. M'chilimwe mtsinjewo timauwoloka madzi akulekeza m'akakolo, koma mvula ikagwa kumtunda umadzaza usiku umodzi n'kukhala choncho miyezi. Ndiye kalabu ya alimi a mpunga inagula boti lakale lamatabwa kunyanja, linabwera pa lole, n'kuliika m'manja mwa agogo, chifukwa ali anyamata anagwirako ntchito yopala ndi kupaka maboti. Ndiwo ankawolotsa anthu, mbande za mpunga, makasu, nthawi zina ndi odwala omwe. M'mudzi monse ankawatchula kuti aNgozo a boti, ndipo dzinalo ankalikonda kuposa munda wawo.

Chaka chilichonse mu Okutobala botilo ankalitulutsa n'kulipala pansi ponse mpaka thabwa lionekere loyera. M'mipata ya matabwa ankatsekamo thonje n'kuthirapo phula, kenako n'kupaka penti watsopano kawiri. Pentiyo ankachokera kunyanja, zitini ziwiri basi pachaka, ankabwera naye dalaivala wa lole ya nsomba. Anthu ankawafunsa kuti bwanji osangopaka pamwamba, akuvutikiranji chonchi. Agogo ankayankha osaleka kupala.

"Penti amabisa. Ndikufuna ndilione thabwalo kaye, lindiuze mmene lagonera chaka chino."

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Maso a agogo anali atayamba ng'ala, msana nawo unkakana kuwerama. Tsiku lina a Kamwendo, wapampando wa kalabu, anabwera n'kukhala pamtondo wogubuduzika, chipewa chili pabondo.

"ANgozo, tisabisane. Anthu akudandaula za maso anuwa. Mtsinje ukadzaza boti lisanakonzeke, kapena likativuta pamadzi, tilipereka kwa anyamata."

"Anyamata ake ati?" anafunsa agogo. "Omwe amagwira bulashi ngati akupha udzudzu aja?"

A Kamwendo anaseka, koma mawu awo sanabweze. Atapita, agogo anayamba kusisita m'mbali mwa boti.

Zaka zonse amuna ankabwera ambiri kudzalitembenuza botilo kuti pansi payang'ane kumwamba. Chaka chimenecho anabwera anayi okha. Analephera kulitembenuza, anangolikweza pazipika, mpata wake wofika m'mawondo mwa munthu wamkulu. M'mbali agogo ankatha kupala ataima, koma pansi penipeni panafunika munthu wochepa thupi, wolowa chogona. Pakhomo pathu panali agogo, amayi ndi ine. Bambo anali atamwalira kale. Agogo anandiyang'ana n'kumwetulira.

"Esinati, mkazi wanga, lero walembedwa ntchito. Maso anga ndiwe."

Anandipatsa chitsulo chopalira chimene anasula kuchokera ku chikwanje chothyoka, ndi msomali wautali. Anandiphunzitsa kuti ndikapala malo, ndiziyang'ana mtundu wa thabwa. Likakhala loyera, lili bwino. Likakhala lakuda, ndibaye ndi msomali. Msomali ukalowa, ndiye kuti laola, ndiwauze.

"Nanga likaola timatani?" ndinafunsa.

"Timalizula, n'kukafuna la mlombwa lina, n'kuyambanso. Masabata awiri amenewo."

Tsiku loyamba ndinasangalala. Pofika tsiku lachitatu ndinali nditadana nalo botilo, sindinama. Ndinkagona chagada pathumba la feteleza, thabwa lili pafupi ndi mphuno, manja ali m'mwamba mpaka kuchita dzanzi. Penti wakale sachoka mwaulemu. Pena amasupuka ngati khungwa, pena amakakamira mpaka uchite kukanda kakhumi pamalo amodzi, ndipo zonse zimene wapalazo zimagwera iwe, m'maso, m'makutu, m'kamwa. Malovu ankatuluka ofiira. Kutentha kwa kuchigwa mu Okutobala amene anakhalako amakudziwa, ndipo pansi pa boti mphepo sinkafikapo. Ndinkalowa m'mawa sukulu isanayambe, n'kulowanso ndikaweruka. Anzanga ankadutsa akupita kukatola masawu, ine ndikuona mapazi awo okha. M'kalasi ndinkasinza, aphunzitsi n'kumandifunsa ngati kwathu kuli maliro.

Amayi anadandaulapo tsiku lina akundichotsa penti m'tsitsi.

"Bambo, mwanayu mumupha. Taonani m'manjamu matuza okhaokha."

"Kwatsala pang'ono," anatero agogo. Mawu amenewo anawanena kwa masabata atatu.

Madzulo aliwonse ndikatuluka, ankandifunsa funso limodzi lomwelo. "Waonapo chiyani lero?" Ine n'kuyankha kuti loyera lokhalokha, agogo. Iwo n'kugwedeza mutu, n'kundipatsa nzimbe kapena mtedza wokazinga umene anagula ku Manjawira pokagula sandipepa.

Sabata yachitatu ikutha, kunatsala kachigawo kakang'ono chakumbuyo, pafupi ndi msana wa boti. Ndinali nditawerengera kale kuti Loweruka timaliza. Mitambo inali itayamba kusonkhana kumapiri masana aliwonse. Ndinakanda penti, ndipo pansi pake panatuluka thabwa lakuda bii, malo aakulu ngati chikhatho changa. Ndinatenga msomali uja. Unalowa wokha. Nditakanda ndi chitsulo, zinthu zonga utuchi wonyowa zinandigwera pachifuwa, ndipo panatsala dzenje lolowa chala, kungotsala kathabwa kopyapyala cham'kati.

Ndinagona pamenepo ndikuliyang'ana dzenjelo. Kunja agogo ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, chitsulo chawo chikulira.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinachitira agogo, kuti masabata awiri enawo akanawalanditsa boti. N'zoona, ndinaziganizira zimenezo. Koma chachikulu sichinali chimenecho. Ndinatopa. Ndinatopa mpaka m'mafupa, ndipo maganizo oti ndigonenso pansi pamenepo masabata ena awiri anandiliza.

Madzulo anandifunsa, "Waonapo chiyani lero?"

"Loyera lokhalokha, agogo."

M'mawa mwake ndinapita pachulu cha kuseri kwa khola, pamene amayi ankakumba dothi lomatira ming'alu ya pakhonde asanazire. Ntchito imeneyo ndinkaidziwa bwino, ndipo amayi ankandiyamikira kuti dzanja langa limasalaza. Ndinakanda dothilo ndi madzi pang'ono, n'kulibisa m'kachitini, n'kulowa nalo pansi pa boti. Ndinamata dzenje lija mosamala, ndikukanikiza ndi chala chachikulu. Dothi la pachulu likauma limalimba ngati mwala, khasu limachita kudumpha. Ndinaganiza kuti pamwamba pake pakapita penti kawiri, madzi adzera pati? Litauma ndinalikwecha ndi sandipepa mpaka linafanana ndi thabwa. Penti wa pansi ndinapaka ndekha, ndipo pamalopo ndinapaka katatu.

Botilo linakongola, abale. Pansi pofiira, m'mbali mobiriwira. Anthu ankapatuka panjira kudzaliona. A Kamwendo analizungulira n'kunena kuti, "Koma nkhalambayi!" Agogo anandigwira paphewa pamaso pa anthu onse.

"Uyu ndi amene wagwira ntchito. Ine ndimangoyimba."

Mvula inagwa kumapiri masiku anayi, mtsinje unadzaza. Amuna anabwera ambiri ulendo uno, n'kulikokera boti kudooko. Anthu ankafuna kuyamba kuwoloka tsiku lomwelo, mbande zinali zitakula kale m'manazale, koma agogo anakana. Anali ndi lamulo lawo loti boti likachoka padzuwa liyambe lamwa madzi masiku awiri, litamangidwa pamtengo popanda munthu, kuti matabwa afufume n'kutsekana. A Kamwendo anang'ung'udza, koma analola.

Masiku awiri amenewo sindinadye bwino. Amayi ankaganiza kuti ndi malungo.

Tsiku lachitatu m'mawa tinatsikira kudooko. Anthu anali atazula kale mbande, mitolomitolo yomanga ndi luzi ili pamchenga, amayi anganso ali ndi yawo pamutu, chifukwa ndiwo anali m'gulu loyamba kuwoloka. Tinapeza boti litakhala pansi chakumbuyo, madzi atadzaza mpaka pamipando.

Agogo anapinda buluku n'kulowa m'madzi. Anawerama ndi msana wawo wokana uja, dzanja likuyenda pansi pa boti, thabwa ndi thabwa. Ine ndinkadziwa pamene dzanjalo likupita. Litafika, anaima. Anatulutsa zala zili ndi matope, n'kuzifikitsa pamphuno, n'kuzitikita pang'ono. Matope a mumtsinje mwathu ndi akuda. Amenewo anali ofiirira, onanda. Sanatembenuke kundiyang'ana. Anangoviika dzanja m'madzi n'kulisamba bwinobwino.

"Chachitika n'chiyani, aNgozo?" anafunsa a Kamwendo.

"Thabwa laola."

"Masabata onse aja mukupala, simunalione?"

"Sindinalione," anatero agogo. "Munanena zoona. Maso anga atha."

Mayi wina anaponya mtolo wake pansi n'kuyamba kulalata kuti mbande zozula kale azitani. Wina anati mwamwayi m'botimo simunakwere munthu. Ine ndinaima kumbuyo kwa amayi. Ndikanatha kulankhula pamenepo. Sindinalankhule.

Tsiku lomwelo kalabu inalipereka boti kwa anyamata awiri, inaitanitsa kalipentala, ndipo panapita masiku khumi lisanawolotse munthu. Mbande zambiri zinafota, anthu anafesanso mochedwa, ndipo mpunga wa chaka chimenecho unali wochepa. Mlandu wonse unagwera maso a agogo.

Masana ake ndinawapeza atakhala pa chimodzi mwa zipika zija, pamalo pamene panali boti. Pansi ponse panali pofiira ndi zimene tinapala. Ndinagwada patali pang'ono.

"Agogo."

"Bwera kuno. Ndione manja."

Anawagwira n'kuyendetsa chala pamatuza amene anali atasanduka zikang'a. Anapuma mozama.

"Dothi lija unalimata bwino. Likanakhala khonde, likanakhala zaka zitatu."

Ndinayamba kulira, ndikunena kuti ndipita kwa a Kamwendo ndikawauze zonse.

"Supita kulikonse. Ine ndakalamba, maso ndi anga, atha ndithu, sindinanamize munthu kwambiri. Koma iwe akakudziwa kuti ndiwe mtsikana amene anafuna kumiza anthu, dzina limenelo udzakwatiwa nalo, ana ako adzalipeza." Anasiya manja anga. "Amayi ako akanakhala pampando wakumbuyo, ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Basi. Chidziwe chimenecho, chikukwanira." Kenako ananena motsitsa mawu, ngati akulankhula okha. "Masabata atatu ndimakufunsa za thabwa. Sindinakufunsepo ngati watopa."

Sanadzaitchulenso nkhaniyo. Anakhala zaka zina zinayi. Nthawi ya mvula ankakhala pakhonde kumvetsera phokoso la kudooko, ndipo akamva nkhafi ikugunda m'mbali mwa boti ankatsonya, n'kunena kuti anyamatawa alithyola. Anthu analeka kuwatchula aNgozo a boti. Anangokhala aNgozo. Ine ndinkawatengera madzi osamba, kuwatsogolera kutchalitchi, kuwadula zikhadabo, ndipo ankandiseka monga kale, mkazi wanga wachedwa lero. Zimenezo zinkandipweteka kuposa akanandikwapula.

Pamaliro awo a Kamwendo analankhula bwino. Anati anali munthu wodziwa ntchito yake, kungoti kumapeto maso anawalanda boti. Anthu anavomereza. Ine ndinali pakati pa azimayi, mpango uli kumaso, ndipo ndinakhalanso chete kachiwiri.

Lero ndili ndi zaka zoposa makumi anayi. Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ku Manjawira, msana nawo wayamba kundikumbutsa. Pamtsinje paja anamangapo mlatho, boti linaolera m'bango. A Kamwendo anapita, amayi anapita chaka chatha osadziwa kanthu. Mwezi wathawu ndinamva mwana wanga wamkazi akuuza mnzake mbiri ya kwathu, kuti agogo a amayi ake anali ndi boti, koma anachita khungu n'kutsala pang'ono kumiza mudzi wonse. Anainena mosavuta, monga mmene anaimvera kwa anthu. Ndinaimitsa makina, ulusi uli m'kamwa.

Agogo anandiletsa kuti nditeteze dzina langa, ndipo ndawamvera zaka makumi atatu. Dzinalo ndakwatiwa nalo loyera, ana analipeza loyera, ndipo ndatopa kulinyamula. Ndiye amene mukuwerenga, makamaka a kwathu kuchigwa, mumve. ANgozo sanaphonye thabwa loola. Analowetsa pansi pa boti munthu wa maso abwino, munthuyo analiona thabwalo, analibaya ndi msomali, n'kulimata dothi. Munthuyo ndine, Esinati, mdzukulu wawo.