Ndakatulo Imene Amalume Anabisa M'mutu Mwanga

Kabukuko kanali kobiriwira, kokwana m'thumba la mkanjo, chikuto chake chitafewa ndi thukuta la m'manja. Kankakhala pamwamba pa khoma, pomwe udzu wa denga umakumana ndi njerwa, kokulungidwa mu mpango woyera pamodzi ndi buku lopatulika la m'nyumba mwathu. Anakaika pamenepo ndi amayi. Iwo sankatha kuwerenga, koma chimodzi ankachidziwa: chilichonse cholembedwa m'Chiarabu n'choyera, sichikhala pansi, sichigwiridwa ndi manja osasamba. Ngakhale pepala lokutira sopo, likakhala ndi zilembo zopotanazo, amayi ankalitola n'kulisomeka kudenga.

Mwini kabukuko anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Anakhala zaka zambiri ku Dar es Salaam akunyamula katundu padoko, ndipo Chiarabu anachiphunzira komweko. Atangobwerako anamangidwa, nakhala m'ndende zaka ziwiri pa mlandu umene mpaka lero palibe amaudziwa. Anatuluka mano atachepa, mawu atachepanso. Ankakhala nafe kumudzi kufupi ndi Chia, kusoka maukonde a eni ake pansi pa mtengo wa mango. Powatulutsa anawachenjeza kuti akadzawapeza ndi buku lakunja, ulendo wachiwiri sadzabwerako.

Chinali chaka chimene anthu anayamba kunong'onezana za zipani zambiri. Mwera unali utangoyamba, nyanja ili yolusa, mabwato ambiri ali pamchenga. Timapepala totsutsa boma tinkayenda pansi pa usipa m'madengu, ndipo wopezeka nako kapepala ankakwezedwa galimoto ya polisi. Akuluakulu akafuna kulankhula ankayamba ayang'ana kumpanda.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mtsikana wokonda kutamidwa zedi. Ku madrasa palibe ankandiposa. Kumeneko tinkaphunzira kutchula zilembo ndi kuloweza mizere mokoka mawu, koma tanthauzo sitinkalidziwa, ndipo palibe mwana ankaganiza zolifunsa. Kabuku kathu ka ku madrasa ndinali nditakamaliza, choncho ndinafuna kuonetsa anzanga kuti ndingathe kuwerenga za akuluakulu. Masana ena amayi ali kudambo ndinasamba m'manja bwinobwino, n'kukwera pamtondo, n'kusolola kobiriwira kaja. Pa masamba ena amalume anali atalembamo ndi pensulo timizere totsogolera katchulidwe, tofanana ndi ta m'kabuku kathu. Ndinasangalala kuti ndapeza mapemphero atsopano.

Tinkaphunzirira pakhonde la mzikiti, pa mikeka yonunkha fumbi. Nthawi yanga itakwana ndinatsegula kabukuko n'kuyamba kukoka mawu, mutu ukugwedezeka. Ndodo ya amwalimu, imene inkagogoda pansi tsiku lonse, inasiya. Anandilanda kabukuko, nawerenga chamumtima, milomo ikuyenda. Kenaka pakamwa panawapulumuka.

"Mwana iwe, awa si mapemphero. Izi ndi ndakatulo za ku Palestina, za anthu olandidwa dziko. Ndi zandale izi."

Ana onse anamva. Pakati pawo panali mwana wa atcheyamani a chipani m'dera lathu. Amwalimu anazindikira zimene achita mawu atatuluka kale. Sindiwaimba mlandu. Anali munthu wamantha, koma wabwino mtima, poti anabisa kabukuko mu mkanjo n'kundiperekeza okha mpaka kwathu. Anauza amalume kuseri kwa khitchini kuti atcheyamani ali ku maliro ku Dwangwa, abwera Lachisanu. Tsikulo linali Lolemba.

Amayi sanandimenye, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa ndodo. Anangoyang'ana amalume n'kunena kuti, "Ndiye zaka zonsezi, achimwene, ndakhala ndikupukuta fumbi pa ndende yanu?" Anafuna kuti kabukuko kachoke tsiku lomwelo. Koma kukaponya pamoto sakanatha, chifukwa amalume anavomera kuti dzina la Mulungu lilimo m'masamba angapo. Pepala lotero kwathu amalikwirira pamalo oyera kapena kulimiza m'madzi akuya. Amalume anapempha kuti awapatse mpaka Lachinayi.

M'mawa mwake ananditenga kudambo, ati ndikaingitse mbalame mu mpunga umene unali usanakololedwe. Anasankha bwino, poti mwana akamafuula m'munda wa mpunga palibe amadabwa. Tinakhala pachulu. Anasankha ndakatulo imodzi yokha, yaitali masamba anayi. Iwo ankatchula mzere, ine n'kubwereza, monga momwe tinkachitira ku madrasa. Ndikaphonya ankandibweza mofatsa, maso ali kunjira. Ndikukumbukira matope ozizira pakati pa zala za kumapazi, ndi mpheta zikudya mpunga wathu mwaufulu ife tili kalikiliki ndi Chiarabu. Nditafunsa tanthauzo anangoti, "Loweza kaye, mphwanga. Tanthauzo lidzakupeza."

Amayi anatulukira tsiku lachiwiri, atandimva ndikung'ung'udza potsuka mbale. "Achimwene, mutu wa mwana wanga si nkhokwe yanu," anatero. Koma amalume anapitirizabe kundiphunzitsa. Lero ndine mayi, ndipo ndimaona kuti amayi ankanena zoona. Munthu wamkulu anatenga chinthu chimene iye mwini chikanamuphetsa n'kuchiika mwa mwana wopanda chinsinsi, amene akanachilakatula pamsika wina atangomuombera m'manja. Ndimawakwiyira amalume pa chimenechi. Ndimawakondanso pa chomwecho, ndipo ziwirizi zinakana kusiyana.

Lachinayi m'mawa amalume anamangirira mwala ku kabukuko. Amayi, mkwiyo uli pomwepo, anawapatsa nsalu yoyera yatsopano yokulungira. Amalume anapalasa bwato okha pamafunde a mwera, asodzi akuwaletsa, ndipo anabwerako atanyowa thupi lonse, manja ali lendee.

Anabwera Loweruka, dzuwa lili pamutu: apolisi atatu ndi anyamata a chipani. Anang'amba matumba a mpunga, anagudubuza mitsuko, anasolola udzu wa denga. Timapepala ta sopo ta amayi tinagwa tonse, iwo n'kumatitola ngati apeza umboni. Wapolisi wina wamkulu thupi anagwada pamaso panga akumwetulira.

"Ndiwe katswiri wowerenga uja? Tandiuza zimene unawerenga, ndimve nanenso."

Anandiyitana katswiri, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha. Mzere woyamba unali kale pa lilime. Pomwepo zikhadabo za amayi zinalowa kuseri kwa mkono wanga, mwakachetechete, mpaka magazi. Ndinati ndayiwala. Linali bodza langa loyamba lolamulidwa ndi amayi. Buku sanalipeze, komabe amalume anawatenga, ati akawafunse ku Boma.

Panapita masabata asanu. Mpunga tinakolola tokha. Anthu ankatilonjera chapatali, ndipo ena anabwera kudzatenga maukonde awo osasokedwa. Amayi ankapita ku Boma wapansi ndi chakudya, n'kubwera nacho chomwecho. Ine ndinkadziwa kuti ndine ndawamangitsa, ndipo palibe anayesa kundiuza kuti si choncho. Chimene ndikanatha n'kusunga zimene anandisungitsa. Ndinkabwereza ndakatuloyo chamumtima posinja chinangwa, potunga madzi, ngakhale pa mapemphero, Mulungu andikhululukire. Mzere umodzi ukandithawa ndinkatuluka thukuta mpaka ubwere.

Tanthauzo linandipeza ndili ndi zaka makumi atatu, ndikugwira unamwino. Dokotala wina wodziwa Chiarabu anandimva ndikung'ung'udza, nandimasulira. Mu ndakatuloyo bambo wina akuyenda ndi mwana wake pamalo pamene panali mudzi wawo. Palibe chatsala. Iye akuloza pansi n'kumatchula kuti apa panali chitsime, apa nyumba ya mnansi, apa mkuyu, apa manda, ndipo akumuuza mwanayo abwereze dzina lililonse, poti msilikali sangagwetse nyumba imene ili m'kamwa. Ndinakhala pansi. Ifenso ku Chia tinali obwera. Mudzi wa makolo athu unali cha ku Nkhunga, ndipo anthu anasamutsidwa ine ndisanabadwe kuti padzalidwe nzimbe. Amalume anabwerera kuchokera kunja n'kupeza nzimbe pamanda a amayi awo. Zimenezi kwathu sizinkatchulidwa, chifukwa kudandaula kunali mlandu.

Koma tsiku limene amalume anabwerako ku Boma sindinkadziwa chilichonse cha izi. Anatsika lole pamsewu n'kuyenda pang'onopang'ono, miyendo itatupa, mutu atawameta mpala. Amayi anayala mphasa, nawapatsa madzi. Atamwa anandikodola. Sanandikalipire, ngakhale ndinali nditakonzeka.

"Ilipo yonse?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinayang'ana amayi. Iwo anadzuka n'kukaima pachipata, maso ali kunjira. Ndinagwada n'kuyamba. Ndinakoka mawu bwino kuposa tsiku lina lililonse, osaphonya mzere. Ndili pakati ndinaona mapewa a amalume akugwedezeka. Munthu amene anatuluka m'ndende kawiri maso ali gwa ankalira pamaso panga, misozi ikulowa m'ndevu. Ndinachita mantha. Ku madrasa munthu wamkulu akasintha nkhope ndiye kuti walakwitsa katchulidwe. Ndinasiya, n'kunena kuti, "Pepani amalume, ndikonza," ndipo ndinayambiranso pachiyambi.